Chilankhulo Chosavuta cha PLC Ndi Chiti, Ndipo Nchosavuta kwa Ndani?

Anthu amene angoyamba kumene kuphunzira ntchito yoyendetsa makina a m'mafakitale amakonda kundifunsa kuti pa zilankhulo zonse zolembera mapulogalamu a PLC (Programmable Logic Controller, kakompyuta kolimba koyendetsa makina), chosavuta kwambiri ndi chiti. Ndimazengereza kuyankha, chifukwa funsolo silitchula munthu amene chilankhulocho chiyenera kumupepukira. Pulogalamu iliyonse ya PLC imadutsa m'manja mwa anthu awiri. Woyamba ndi amene anailemba atakhala pansi, zojambula zonse zili pafupi, nthawi yoganiza ali nayo. Wachiwiri ndi mmisiri wa zamagetsi amene amaitanidwa makina akaima, kawirikawiri wolembayo atachoka kalekale, ndipo amayenera kupeza chimene chavuta akuluakulu a ntchito atamuimirira kumsana. Maganizo anga ndi akuti kuphweka kwa chilankhulo kuyesedwe ndi munthu wachiwiriyu, popeza pulogalamu imalembedwa kwa milungu yochepa koma imawerengedwa kwa nthawi yonse imene makinawo akugwira ntchito.

Mbiri ya PLC imachitira umboni mfundoyi. Kale makina a m'mafakitale ankayendetsedwa ndi ma relay (maswichi oyendetsedwa ndi magetsi) mazanamazana odzaza m'mabokosi akuluakulu achitsulo, ndipo kusintha kulikonse kwa kayendedwe ka makina kunkafuna kuti amisiri amasule mawaya ndi kuwalumikizanso mwatsopano. Makampani opanga galimoto ndi amene ankamva kuwawa kwambiri, chifukwa mtundu wa galimoto ukasintha, ntchito ya mawayayo inkaimitsa fakitale kwa nthawi yaitali. Mu 1968 nthambi ya Hydramatic ya kampani ya General Motors ku America inapempha kuti papangidwe chipangizo cholowa m'malo mwa ma relay, chimene munthu angachisinthe polemba m'malo momasula waya. Kampani ya Bedford Associates, kumene kunali Dick Morley, inapanga Modicon 084, ndipo nambalayo inachokera pa kuti imeneyi inali ntchito ya nambala 84 ya kampaniyo. Ku Allen-Bradley nakonso Odo Struger ndi anzake ankalimbana ndi ntchito yofananayo. Chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti opanga zipangizozi sanakakamize amisiri kuphunzira zilankhulo za makompyuta za nthawi imeneyo. Anatenga zojambula za mawaya zimene amisiriwo ankazidziwa kale, nazisandutsa chilankhulo, ndipo umu ndi mmene ladder inabadwira.

Dzina la ladder limachokera pa maonekedwe ake. Pali mizere iwiri yoimirira, wina kumanzere wina kumanja, ndipo pakati pake pali mizere yopingasa ngati makwerero. Chitsanzo chimene pafupifupi aliyense amayambira ndi mota yokhala ndi mabatani awiri, lobiriwira loyambitsa ndi lofiira loimitsa. Pa mzere umodzi timaika contact (chizindikiro chololeza kapena kuletsa magetsi kudutsa) ya batani loyambitsa, kenaka ya batani loimitsa, ndipo kumapeto timaika koyilo ya mota, chizindikiro chimene chimaiyatsa. Pansi pa contact yoyambitsa timaikanso contact ya mota yomweyo monga njira yolambalala, kuti munthu akachotsa chala pa batani lobiriwira, mota izidzigwira yokha mpaka wina atadina lofiira. Mmisiri akalumikiza laputopu yake ku PLC makina ali moyo, sikirini imawalitsa mbali ya mzere imene yakwaniritsidwa. Diso limangotsata kuwalako kuchokera kumanzere kufika pamene kwathera, ndipo vuto limakhala pomwepo: mwina chitseko chotetezera sichinatsekeke bwino, mwina overload (chotetezera mota ikalemedwa) yagwa, mwina sensa yadetsedwa ndi fumbi. Palibe chilankhulo china chimene chimaonetsa chifukwa chimene chinthu chakanira kuyaka mwachangu chotere, ndipo amene amanyoza ladder kuti ndi yachikale kawirikawiri amakhala anthu amene sanaitanidwepo makina ataima.

Komabe kufanana kwa ladder ndi mawaya kuli ndi malire, ndipo oyamba kumene amagwa ndendende pamene kufananako kwathera. M'bokosi la ma relay magetsi amayenda m'mawaya onse nthawi imodzi. PLC siitero. Imagwira ntchito ngati mlonda amene amazungulira nyumba kuona zitseko zonse ndi kulemba m'buku mmene wazipezera, kenaka n'kukhala pansi kuganiza potengera zimene walembazo, ndipo pomaliza n'kupita kukachita zimene wagamula. Imayamba ndi kuwerenga zolowa zonse, monga mabatani ndi masensa, ndi kuzisunga, kenaka imayendetsa pulogalamu mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kufika pansi, pomaliza imatumiza zotsatira ku zotuluka, monga mota ndi mavalavu, n'kuyambiranso. Kuzungulira kumodzi kumatenga mamilisekondi owerengeka, kotero kuti kwa munthu zimaoneka ngati zonse zikuchitika pamodzi, pamene zoona zake n'zakuti dongosolo la mizere ndi lofunika kwambiri. Munthu akaika koyilo ya mota imodzi pa mizere iwiri yosiyana, poganiza kuti uliwonse ungathe kuiyatsa, mzere wapansi ndi umene umapambana nthawi zonse chifukwa ndi umene umalemba komaliza. Mzere wapamwamba ungathe kuwala pa sikirini mokongola, koma mota ili phee. Chizindikiro chachifupi kwambiri nachonso, chimene chabwera ndi kupita PLC ili mkati moganiza, chingathe kuphonyedwa, ndipo ichi ndi chifukwa chake pali zolowa zapadera zowerengera zinthu zothamanga. Si ma PLC onse amene amatsata dongosololi ndendende, popeza a ControlLogix a Rockwell Automation, eni ake a dzina la Allen-Bradley, amasintha zolowa ndi zotuluka pa nthawi yawoyawo pulogalamu ili mkati moyenda, koma lingaliro la kuzungulira ndi limodzi kulikonse.

Msampha wachiwiri uli pa batani lofiira lija, ndipo umakhudza mayina. Batani loimitsa limalumikizidwa mwakuti magetsi azidutsamo nthawi zonse ndi kuduka likadinidwa. Izi zimachitika dala, kuti waya akaduka kapena akamasuka, makina aime okha m'malo moti batanilo lingosiya kugwira ntchito anthu osadziwa. Pa chojambula cha mawaya batani lotere limajambulidwa ndi chizindikiro cha normally closed, chija chokhala ndi kamzere kopendekeka. Wophunzira amatenga chizindikiro chomwecho n'kuchiika mu pulogalamu, ndipo amadabwa kuti mota ikukana kuyaka pokhapokha atadina lofiira ndi lobiriwira pamodzi. Chifukwa chake n'chakuti contact ya mu pulogalamu si chithunzi cha batani, koma ndi funso limene PLC imafunsa pa bit imodzi, kamalo kosunga 1 kapena 0 basi. Yopanda kamzere imafunsa ngati bit ili 1, yokhala ndi kamzere imafunsa ngati ili 0. Batani lofiira likakhala losadinidwa, magetsi amafika pa PLC, bit imakhala 1, choncho contact yoyenera ndi yopanda kamzere. Allen-Bradley inayesa kuthawa chisokonezochi popereka mayina ena, XIC ndi XIO, amene amaimira Examine If Closed ndi Examine If Open. Cholinga chinali chabwino, koma mayinawo amachititsanso munthu kufunsa kuti chotseka kapena chotsegukacho n'chiyani. Ine pophunzitsa ndimasiya mayina onsewo kaye, ndipo ndimangonena kuti chizindikiro ichi chikufunsa 1, icho chikufunsa 0.

Pofika zaka za m'ma 1980 kampani iliyonse inali ndi kalembedwe kake, ndipo bungwe la International Electrotechnical Commission linayesa kubweretsa dongosolo. Muyezo wa IEC 61131-3 unatuluka koyamba mu 1993, unakonzedwanso kangapo, monga mu 2003 ndi mu 2013, ndipo unatchula njira zisanu zolembera: Ladder Diagram, Function Block Diagram, Structured Text, Instruction List ndi Sequential Function Chart. Instruction List sindichedwapo. Ndi mndandanda wa malamulo afupiafupi, limodzi pa mzere uliwonse, wofanana ndi chilankhulo cha assembly cha makompyuta akale, ndipo muyezo wa 2013 unanena kuti ikupita kotha. Woiphunzira lero aiphunzire kuti azitha kuwerenga makina akale, chifukwa alipo ambiri amene akuyendabe.

Function Block Diagram imajambula mabokosi olumikizidwa ndi mizere, chizindikiro chikulowa kumanzere ndi kutuluka kumanja. Imakomera ntchito zimene chinthu chimayenda mosalekeza, monga kusunga kutentha kwa ng'anjo kapena mulingo wa madzi m'thanki, pamene sensa imapereka nambala, bokosi la PID limaiyerekeza ndi nambala yofunika, ndipo valavu imatseguka kapena kutsekeka pang'ono. Chojambula cha mabokosi khumi chimawerengeka mosavuta. Mabokosi akachuluka, mizere n'kuyamba kupingasana ndi kubwerera m'mbuyo, zimavuta kudziwa bokosi limene PLC imayamba kuliwerengera, ndipo mapulogalamu ena olembera amayenera kuika manambala pa mabokosi kuti aonetse dongosololo.

Structured Text ndi imene imabweretsa mkangano waukulu. Imalembedwa m'mawu ngati chilankhulo cha makompyuta cha Pascal, yokhala ndi IF, CASE, FOR ndi WHILE, ndipo achinyamata amene anaphunzira makompyuta amaikonda nthawi yomweyo. Ali ndi zifukwa zomveka. Taganizirani sensa yoyeza madzi m'thanki ya mamita 5, imene imatumiza chizindikiro cha magetsi cha pakati pa 4 ndi 20 mA (mamiliampeya). Chizindikirocho chimayambira pa 4 m'malo mwa 0 kuti waya woduka asaoneke ngati thanki yopanda madzi. Pa PLC ya Siemens mulingo umenewu umafika ngati nambala ya pakati pa 0 ndi 27648, ndipo kuisandutsa mamita ndi mzere umodzi wokha: Mulingo := INT_TO_REAL(Chowerengedwa) / 27648.0 * 5.0. Mu ladder masamu omwewo amafuna mabokosi angapo otsatizana ndi malo osungira zotsatira zapakati. Kapena taganizirani mavalavu 40 ofanana amene onse ayenera kufufuzidwa ngati atseguka pa nthawi yake. Mu Structured Text ndi FOR imodzi ya mizere yowerengeka, pamene mu ladder ndi mizere 40 yokoperedwa, ndipo pokopera pamakhala pena pamene munthu amaiwala kusintha nambala.

Nayonso ili ndi misampha yake, ndipo misampha imeneyi imakola kwambiri anthu ochokera ku makompyuta. Wozolowera makompyuta akafuna kudikira kuti thanki idzaze, dzanja lake limathamangira kulemba WHILE yodikira sensa. Pa PLC zimenezi zimaimitsa kuzungulira konse, zolowa siziwerengedwanso, ndipo watchdog, mlonda wa nthawi ya kuzungulira kulikonse, imaona kuti nthawi yapitirira malire, amene pa ma PLC ambiri a Siemens amayambira pa mamilisekondi 150, n'kunena kuti pachitika vuto. PLC siidikira chinthu pamalo amodzi, imangofunsa funso lomwelo ulendo uliwonse. Msampha wina ndi wobisika kuposa uwu. Mu ladder koyilo imazima yokha mzere wake ukaleka kukwaniritsidwa. Mu Structured Text munthu akalemba kuti IF madzi achepa THEN pampu iyake, osalemba ELSE, pampuyo ikayaka siidzazimanso, chifukwa palibe mzere umene waiuza kuzima. Chimodzimodzinso timer yoikidwa mkati mwa IF: chofunikacho chikaleka kukwaniritsidwa, timer ija siiitanidwanso, choncho imangouma pamene inali, osabwerera pa 0. Zolakwika zoterezi sizionekera pa sikirini ngati mzere woduka, zimafuna munthu wowerenga mzere ndi mzere ndi kusunga zonse m'mutu, ndipo pakati pa usiku mutu wa munthu sukhala ndi malo ambiri.

Sequential Function Chart inachokera ku Grafcet, njira imene akatswiri a ku France anaikonza mu 1977, ndipo ine ndimaiona kuti siipatsidwa ulemu woyenera. Imagawa ntchito m'masitepe ndi zipata za pakati pa masitepewo. Thanki idzaze, ndipo sensa yapamwamba ikayaka, ntchito ipite pa kutenthetsa. Kutentha kukakwana, iyambe kutakasa. Nthawi yotakasa ikatha, valavu yapansi itseguke. Makina akaima, sikirini imaonetsa sitepe imene aimapo ndi chipata chimene chakana kutseguka, ndipo funso la mmisiri limayankhidwa pomwepo. Kuvuta kwake kumaonekera zinthu zikapatuka panjira. Wina akadina batani langozi kutenthetsa kuli pakati, kodi makina akayambiranso ayambire pa sitepe yomweyo, kapena ataye zimene zili m'thanki n'kuyamba mwatsopano? Nanga woyendetsa makina akafuna kutsegula valavu pamanja? Chojambula chimene chinali choongoka chimayamba kumera nthambi zambiri, ndipo n'chifukwa chake anthu ena amalemba masitepe awo ndi nambala imodzi yosunga sitepe ndi CASE, kapenanso mu ladder momwemo.

Munthu angaganize kuti pokhala ndi muyezo umodzi, wodziwa PLC ya kampani imodzi adziwa zonse. Apa ndi pamene ndimaona kuti vuto lalikulu la ntchitoyi lili m'mayina kuposa m'zilankhulo. Siemens imatcha ladder yake LAD, kapena KOP pa Chijeremani. Chilankhulo chake chofanana ndi Structured Text imachitcha SCL, pamene STL, dzina limene aliyense angaganize kuti ndi Structured Text, ndi m'bale wake wa Instruction List. Mu Instruction List momwemo LD ndi lamulo lotenga nambala ndipo ST ndi lamulo loisunga, ngakhale kuti zilembo zomwezo ndi zimene muyezo umafupikitsira mayina a Ladder Diagram ndi Structured Text. Mu STL ya Chingerezi chilembo A chimaimira AND, pamene mu ya Chijeremani AND ndi U, ndipo A ndi chotuluka, kuchokera ku mawu akuti Ausgang. Mmisiri amene walandira makina ochokera ku Germany, n'kupeza A4.0 pamene amayembekezera Q4.0, amataya nthawi asanazindikire kuti ndi chinthu chimodzi.

Maadiresi nawonso ali ndi nkhani yawo. Cholowa choyamba chimatchedwa I0.0 pa Siemens, X0 pa Mitsubishi, ndipo muyezo umachilemba %IX0.0. Pa SLC 500 yakale ya Allen-Bradley munthu amakumana ndi zinthu ngati I:1/0, B3:0/0 ndi N7:0, pamene pa ControlLogix pali ma tag okhala ndi mayina. Pa ma PLC a FX a Mitsubishi zolowa zimawerengedwa zisanu ndi zitatu zitatu, kotero kuti pambuyo pa X7 pamabwera X10, ndipo wofunafuna X8 amaganiza kuti chojambula chalakwika. Izi n'zotopetsa chabe, munthu amazizolowera. Choopsa ndi pamene dzina limodzi lili ndi matanthauzo awiri otsutsana. Mu muyezo wa IEC 61131-3 bokosi lotchedwa SR limayatsa ngati malamulo oyatsa ndi ozimitsa afika pamodzi, ndipo RS limazimitsa. Pa STEP 7 ndi TIA Portal, mapulogalamu olembera a Siemens, zili mozondoka: SR limazimitsa, RS limayatsa. Munthu amene wasamutsa pulogalamu kuchoka ku mtundu wina kupita ku unzake pongotsata zilembo angathe kupanga makina amene batani loyambitsa limaposa loimitsa, ndipo cholakwikacho sichioneka mpaka tsiku limene mabatani onse awiri adinidwa nthawi imodzi. Chimene chimapulumutsa ndi kanambala 1 kolembedwa pambali pa S kapena R, kamene kamasonyeza mbali yopambana, ndipo ndi kamene ndimayang'ana m'malo mwa dzina la bokosi.

Ma timer ali ndi vuto lofananalo. Muyezo uli ndi TON yokhala ndi IN, PT, Q ndi ET, ndipo nthawi imalembedwa momveka ngati T#5s. Rockwell nayonso ili ndi TON, koma ziwalo zake ndi PRE, ACC, EN, TT ndi DN. Nambala 500 yolembedwa mu timer ya ControlLogix ndi theka la sekondi, chifukwa kumeneko amawerenga m'mamilisekondi. Pa SLC 500 nambala yomweyo ingathe kukhala masekondi 5 kapena masekondi 500, malingana ndi time base, muyeso wa nthawi, imene inasankhidwa. Pa FX ya Mitsubishi, T0 yokhala ndi K50 ndi masekondi 5. Lingaliro ndi limodzi lokha, loti chinthu chiyake patapita nthawi yakutiyakuti, koma nambala yopanda muyeso wake siiuza munthu kanthu. Modbus, njira yolankhulirana imene Modicon inatulutsa mu 1979 ndipo ikugwirabe ntchito pa zipangizo zosawerengeka, imaonjezera pa mtolowu. Register (malo osungira nambala) imene buku limodzi limaitcha 40001 imatumizidwa pa waya ngati adiresi 0, ndipo opanga zipangizo ena amalemba m'mabuku awo nambala yoyamba ija, ena yachiwiriyi. Ndaonapo mita yamagetsi ikuonetsa manambala osamveka pa sikirini kwa nthawi yaitali, anthu akusintha mawaya ndi kukayikira chipangizo, pamene vuto linali kusiyana kwa 1 pa adiresi. Manambala a ma bit 32 amagawidwa m'ma register awiri, ndipo makampani sagwirizana kuti theka liti liyambe, choncho nambala yolondola ingathe kufika itatembenuzika.

Pali kusiyana kumodzi kwa mayina kumene ndikufuna kuti wophunzira aliyense akumvetse bwino, chifukwa kumathandiza pa PLC iliyonse: function ndi function block. Function ilibe chikumbukiro, ukaipatsa manambala omwewo imabweza yankho lomwelo nthawi zonse, monga masamu a mulingo wa madzi aja. Function block imakumbukira zimene zinachitika ulendo wapitawo, ndipo timer ndi chitsanzo chake, popeza iyenera kudziwa nthawi imene inayamba kuwerenga. N'chifukwa chake kugwiritsa ntchito kulikonse kwa function block kumafuna malo akeake osungira, amene Siemens imawatcha instance DB, pamene Rockwell ili ndi chinthu chofananako chotchedwa Add-On Instruction. Munthu akagwiritsa ntchito malo amodzi pa mapampu awiri, timer ya pampu yoyamba imasokonezedwa ndi yachiwiri, ndipo makina amachita zinthu zooneka ngati zopanda chifukwa.

Zoyesayesa zogwirizanitsa zilipo. Bungwe la PLCopen, limene linakhazikitsidwa mu 1992, linakonza mabokosi ofanana oyendetsera ma mota a servo ndiponso njira ya XML yosamutsira mapulogalamu. CODESYS, pulogalamu yolembera yochokera ku Kempten ku Germany, imagwiritsidwa ntchito ndi opanga ma PLC ambiri osiyanasiyana, kotero kuti woidziwa amapeza malo odziwika pa zipangizo za makampani angapo. Izi zathandiza, koma kusamutsa pulogalamu yathunthu kuchoka ku Studio 5000 ya Rockwell kupita ku TIA Portal kukadali ntchito yolembanso ndi manja mbali yaikulu. Sindikhulupirira kuti zimenezi zisintha msanga, chifukwa kampani imene yaphunzitsa amisiri a fakitale yonse mayina ake ilibe chifukwa chofulumira kuwamasula.

Ngakhale zili choncho, sitingaloze chala makampani okha. Mayina amene amavutitsa kwambiri owerenga ndi amene olemba mapulogalamu amapereka okha, kapena amene amalephera kupereka. Mzere wa ladder wokhala ndi maadiresi ngati M12.3, M40.1 ndi M7.6 ndi wovuta kuposa Structured Text yolembedwa bwino, chifukwa umaonetsa kuti M40.1 yazima koma sunena kuti M40.1 ndi chiyani. Pa ma PLC akale monga S7-300 ndi SLC 500, mayina a maadiresi ndi ndemanga za wolemba zimasungidwa mu fayilo ya pa kompyuta, osati mu PLC. Fayiloyo ikasowa, mmisiri angathe kukoka pulogalamu kuchokera mu PLC, koma amalandira maadiresi okhaokha, ndipo amayenera kutsata waya uliwonse kuti adziwe chimene bit iliyonse imaimira. Ma PLC atsopano amasunga mayina mkati mwawo, chimene ndi chimodzi mwa zinthu zabwino kwambiri zimene zachitika pa ntchitoyi, komabe sangakonze dzina loipa. Ine ndimafuna kuti dzina la mu pulogalamu lifanane ndi lolembedwa pa chojambula cha mawaya, pa kachikwangwani ka pa sensa ndi pa sikirini ya woyendetsa makina. Ndimafunanso kuti dzina la bit linene tanthauzo la 1. Dzina lakuti Chitseko silikwanira, chifukwa silinena ngati 1 ndi kutseguka kapena kutseka, pamene Chitseko_Chatsekedwa lathetsa funsolo.

Polemba pulogalamu yatsopano, ndimagawa ntchito potengera amene adzaitsegule. Zonse zimene zimaloleza kapena kuletsa chinthu kuyaka, monga zitseko, ma overload, milingo ya madzi ndi mabatani, ndimaziika mu ladder, koyilo iliyonse pa mzere umodzi wokha. Masamu, kuwerengera zinthu zambiri zofanana ndi kulankhulana ndi zipangizo zina ndimaziika mu Structured Text, zotsekeredwa m'ma function block amene mmisiri safunika kuwatsegula. Ntchito yoyenda mwa masitepe ndimailemba mwa masitepe, ndipo nambala ya sitepe ndimaionetsa pa sikirini ya woyendetsa makina. Kwa wophunzira, ndimalangiza kuyamba ndi ladder mpaka kuzungulira kwa PLC kutamulowa m'mutu, kenaka Structured Text, ndipo alembe mota ija ya mabatani awiri pa mapulogalamu a makampani awiri osiyana, kuti aone yekha zimene zimasintha ndi zimene sizisintha.

Muyezo wa 2013 unabweretsanso njira za object orientation, zochokera ku kalembedwe ka mapulogalamu a makompyuta, zokhala ndi ma method, ma interface ndi inheritance, ndipo CODESYS ndi TwinCAT ya Beckhoff zimalola zimenezi. Kwa kampani imene imapanga makina ofanana ambirimbiri, phindu lake ndi lenileni, popeza cholakwika chimakonzedwa pamalo amodzi n'kukonzeka paliponse. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti pulogalamu yotere imavuta kuitsata makina ali moyo, chifukwa mzere umene ukuyenda ungathe kukhala mu block ina imene inatengera zochita zake kwa inanso. Sindiletsa kugwiritsa ntchito njirazi, koma ndimaika lamulo limodzi pa block iliyonse yotsekedwa, kaya mkati mwake mwalembedwa bwanji: ikhale ndi chotuluka chonena chifukwa chimene yakanira kugwira ntchito. Block ya pampu ipereke nambala yosiyana pa overload yagwa, pa thanki yopanda madzi, pa valavu yosatseguka pa nthawi yake ndi pa sensa yoduka waya, ndipo nambalayo isandulike chiganizo chomveka pa sikirini. Ipereke chifukwa choyamba chimene chinaimitsa pampuyo ndi kuchisunga mpaka wina atadina batani la reset, chifukwa pampu ikaima zinthu zina zingapo zimagwa motsatira, ndipo mndandanda wa ma alamu khumi umabisa limodzi limene linayambitsa onsewo.